Gusheshe ya ku Joni ndi Sikelo ya Nandolo

Padangokhala makaniko wina wachikulire pa Liwonde, mbali ya msewu wopita ku Ntaja. Dzina lake lenileni ankalidziwa ndi a kumzikiti okha, ena onse ankangoti Che Sikelo. Dzinalo lidabwera chifukwa mkuluyu akati amange injini, ankayamba watuma mwana kukabwereka sikelo kwa ogula nandolo. Anthu ankaseka kuti nanga injini imagulitsidwa pa kilogalamu? Iye sankayankha. Galaja yake idali malata anayi pansi pa mtengo wa mango, vayisi yomangirira pa chitsa, ndi galasi lathyathyathya la zenera limene sankalola munthu kulikhudza ndi manja a oyilo.

Mwana wotumidwayo adali wamkazi, chitsirizira cha mkuluyu. Atalemba mayeso a Fomu 4 adangokhazikika pagalajapo, ndipo popeza maso a bambo ake adayamba kuchita mdima pa tizilembo ta veniya yoyezera, ndiye ankawerenga n'kulemba m'kope. Madalaivala a minibasi adamupatsa dzina loti Kalaliki.

Che Sikelo adali ndi mphwake, mwana wa mlongo wake, amene adapita ku Johannesburg ali mnyamata monga amachitira anyamata ambiri a ku Machinga ndi ku Mangochi. Kumeneko adagwira ntchito m'masitolo, adasokanso zovala, koma Loweruka mtima wake unkakhala kumabwalo komwe anyamata a ku Soweto amazunguza galimoto pamalo amodzi mpaka matayala kutulutsa utsi. Galimoto yomveka pa masewerowo ndi BMW 325i yakale ija yooneka ngati bokosi, imene ankaimanga ku Rosslyn kufupi ndi Pretoria. Eni dziko amaitcha gusheshe. Mnyamata uja adasunga ndalama mpaka adagula yake, yotopa ndithu koma yolira bwino. Ndipo itakwana nthawi yoti abwere kudzakwatira mtsikana wa ku Ulongwe, adalumbira kuti mkwatibwi wake sadzakwera china chilichonse koma gusheshe.

Adadutsa pa Beitbridge, pa Nyamapanda, n'kulowa m'dziko la Mozambique. Kutentha kwa ku Tete ndiko kudamulanga. Paipi ya madzi idang'ambika, iye adazindikira mochedwa, ndipo pofika pa Mwanza injini idali ikukhosomola, madzi atasakanikirana ndi oyilo. Kuchokera pa Zalewa kudzera pa Chingeni ndi pa Balaka galimoto idabwera yokokedwa ndi lole, n'kudzatula pansi pa mango pa Che Sikelo. Tsiku lomwelo mwini wake adalandira dzina: Gusheshe.

"Anjomba," adatero atapereka moni, "ukwati watsala milungu itatu. Ndiye poti mukutsegula kale, muikemo ichi."

Adatulutsa m'buti chitsulo chokulunga m'nyuzipepala. Chidali kamushafuti ya mpikisano, ya mapewa aatali kuposa yachibadwidwe, yoti izikankha mavavu mozama kuti injini izimeza mpweya wambiri. Che Sikelo adaitembenuza m'manja, adayendetsa chala pa mapewawo, n'kuibwezera m'nyuzipepala.

"Tiyambe taona hedi, mphwanga."

Hedi idapezeka yopindika. Adaitumiza ku Limbe kukaisikima ndi kukadulanso mipando imene mavavu amakhalira akatseka. Mpando umodzi udali utang'aluka, amisiri a kumeneko adauchotsa n'kuikapo watsopano. Hedi idabwerako patatha sabata, ikunyezimira, ndipo Gusheshe adaomba m'manja poganiza kuti chatsala n'kumanga mabawuti. Koma m'mawa mwake adapeza malume ake atayala mavavu 12 pa chiguduli, iliyonse ndi nambala yake, masipuling'i 24 ataimikidwa pa galasi lija, popeza injini imeneyi ili ndi masilinda 6 ndipo vavu iliyonse imakokedwa ndi masipuling'i awiri, lalikulu kunja, laling'ono mkati. Kalaliki adali atapita kale kukatenga sikelo.

Ntchito yake inkayenda motere. Mkuluyu ankalowetsa vavu m'malo mwake, n'kuveka kachipewa kamene kamagwira sipuling'i pamwamba pamodzi ndi timano take tiwiri, koma sipuling'iyo osaikamo. Akakokera kachipewako m'mwamba mpaka vavu itatseka, Kalaliki ankayeza ndi veniya kuchokera pamene sipuling'i imaponda pa hedi kufika kunsi kwa kachipewa, n'kulemba. Umenewo ndiwo mpata umene sipuling'i idzakhalamo moyo wake wonse. Mpatawo ukakula, sipuling'i imakhala momasuka ndipo imakoka vavu mofooka. Ukachepa, sipuling'i imakhala yofinyika kale isanayambe ntchito.

Ndiye mipata 12 ija idatuluka yosiyana. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense amene adagwirapo hedi: podula mpando, vavu imamira pang'ono, mchira wake n'kutulukira kumtunda, mpata n'kukula, ndipo wodulayo sadya mipando yonse mofanana. Mavavu atatu adali atamira kwambiri. Ya nambala 7, imene idalandira mpando watsopano, idakhala pamwamba kuposa anzake onse.

Kenako idabwera nthawi ya sikelo. Che Sikelo adaika sikelo pansi pa dililo yake ya patebulo, sipuling'i pamwamba pa sikelo, n'kumatsitsa chogwirira mpaka sipuling'iyo itafupika kufika pa muyeso wa m'kope. Kalaliki ankawerenga makilogalamu. Ankafinyanso kufika pamene kamu yatsopano idzaifikitse vavu ikatseguka yonse, n'kuwerenganso. Pomaliza ankaifinyiratu mpaka mawaya ake atagundana, kuti adziwe malo otsala. Sipuling'i iliyonse katatu, masipuling'i 24. Dzuwa la Okutobala lidatentha, lidapendeka, lidalowa kutsidya kwa Shire, iwo asanafike ndi theka lomwe.

Gusheshe adapirira masiku awiri. Lachitatu adalephera.

"Anjomba, kodi mukumanga galimoto kapena mukugula nandolo?"

"Khala pansi ndikuwerengere," adatero mkuluyo. "Iwe umati uziiliza mpaka singano ifike pa 6,000. Pamenepo vavu iliyonse imatseguka ndi kutseka ka 50 pa sekondi imodzi. Kamu imangodziwa kukankha, wobweza vavu ndi sipuling'i. Ikakhala yofooka, vavu imatsalira m'mbuyo, pisitoni ikubwera, ndipo hedi taisikima, ndiye kuti mavavu ayandikira mapisitoni kuposa kale. Ikalimbitsitsa, imadya mapewa a kamu ndi kuthyola maroka. Masipuling'i anayi mwa awa adatopa ndi moto wa ku Tete uja, waona wekha pagalasi kuti ndi aafupi, lina lapendama. Amenewo tigule ena. Mavavu omira aja akufuna mashimu, tizitsulo tokwezera, pansi pa sipuling'i, iliyonse ya muyeso wake. Zonsezi ziitanitsidwe ku Blantyre, mwina ku Joni komwe."

"Zifika liti?"

"Ukwati utapita. Nditha kukumangira ndi kamu yake yakale, masipuling'i anayiwo ndipeza m'ma sikirapu. Mkazi wako akwera, afika. Ya mpikisanoyi tidzaika bwino pambuyo."

"Ndiye izilira ngati galimoto ya abusa? Anthu a ku Ulongwe amve chiyani?"

Kalaliki adaseka osadzutsa mutu. "Asuweni, mukukwatira mkazi kapena phokoso?"

"Iwe lemba manambala akowo."

Madzulo ake anzake a pa siteji adamunong'oneza za makaniko wina wa pa Balaka, kufupi ndi njanji, amene ankadziwika kuti a Pompopompo. Ameneyo galimoto siinkagona pagalaja pake kawiri. M'mawa Gusheshe adabwera ndi lole, adakweza galimoto, hedi, mavavu ndi masipuling'i onse m'chidebe chimodzi, manambala aja n'kusokonekera. Mavavu okha ndiwo adali odindidwa ndi panchi, ndiye adakabwerera m'malo mwawo. Che Sikelo sadamuletse. Kalaliki ndiye adathamangira lole ija ndi pepala long'amba m'kope.

"Mukawapatse ili. Nambala 7 asaikepo kanthu kopitirira theka la milimita."

Gusheshe adalipinda n'kuliponya m'thumba la kumbuyo, momwe lidakachapidwira limodzi ndi thalauza.

A Pompopompo adali munthu wosangalatsa, wa nthabwala, wodziwa kugwira kasitomala paphewa. Sadali mbuli ayi. Ma Sienta ambiri oyenda pakati pa Balaka ndi Liwonde adadutsa m'manja mwake n'kuyenda. Adangozolowera kuti chimene chayenda dzulo chiyendanso lero. Atamva nkhani ya mashimu adapukusa mutu.

"Madala ajatu amakonda sukulu. Kamu yamphamvu imafuna sipuling'i yolimba, basi. Bwana, ine ndiika washa pansi pa sipuling'i iliyonse, zonse mofanana, palibe kukondera. Mawa masana mudzaitenge."

Adatuma mnyamata ku hadiweya kukagula mawasha wamba, okhuthala mamilimita awiri, n'kuika pa mavavu onse 12. Mawa lake gusheshe idalira. Idalira moti agalu a pa Balaka adathawira kuseri kwa msika, ana akuthamangira fumbi lake. Gusheshe adadutsa dala pa galaja ya malume ake, adaponda mafuta kawiri, n'kupita osatsika. Che Sikelo adatchera khutu, n'kufunsa mwana wake kuti sikelo adabweza kale kapena ayi.

Tsiku la ukwati mdipiti udanyamuka pa Ulongwe dzuwa lili pamutu, gusheshe patsogolo itavala maliboni, mkwatibwi kumbuyo ndi aphungu ake, njinga zamoto za kabaza zikuimba mahutala mbali zonse. Msewu wa M3 udayenda bwino, chifukwa pa mdipiti galimoto imangoyenda pang'onopang'ono. Atayandikira mlatho wa pa Kamuzu Barrage, pamene pamakhala ogulitsa nsomba ndi anthu odikira mabasi, mkwati adaona khamu, magazi n'kumukwera. Adauza woyendetsa kuti atsike, adakhala yekha pa chiwongolero atavala suti, adaponda kilatchi n'kuiliza mpaka singano kukwera. Anthu adakuwa. Adabwerezanso. Kachitatu mudamveka kuti khwaa, kenako gwegwegwe, utsi woyera, kenako zii.

Mkwatibwi adafika ku holo ali pa benchi m'pikapu yakale ya Che Sikelo, yomwe inkabwera kumbuyo kwenikweni itanyamula miphika. Diresi lidatenga fumbi la nandolo. Azakhali a mkwatibwi sadalankhule ndi mkwati tsiku lonselo, ngakhale pa perekaniperekani adaponya ndalama akuyang'ana kumbali.

Nkhani ikadathera pomwepo ikadakhala yongoseketsa. Koma Gusheshe atapita ku Balaka kukakalipa, a Pompopompo adamukokera pambali n'kutsitsa mawu.

"Bwana, inu munaimva mmene inkalirira. Injini yolira choncho ingafe yokha pa mlatho, pamaso pa anthu, tsiku la ukwati? Ganizani bwino amene anakhumudwa mutachotsa galimoto pagalaja pake. Izi ndi za anthu izi."

Mawu otere sachedwa kumera miyendo. Pofika Lachisanu pa Liwonde ponse zidamveka kuti Che Sikelo adalodza galimoto ya mphwake. Wina adati sikelo ija si ya nandolo chabe. Wina adakumbukira kuti mwana wake wamkazi adathamangira lole ndi kapepala kolembalemba. Madalaivala awiri adabwera kudzachotsa galimoto zawo pansi pa mango. Mlongo wake wa mkuluyu, mayi a Gusheshe, adalira usiku wonse, m'mawa n'kupita kwa mwini mbumba kuti nkhaniyi ikambidwe.

Adakumana pagalaja pomwepo, chifukwa Che Sikelo adati sakayankha kwina kulikonse koma pamene pali vayisi. Kudabwera achibale, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, madalaivala, ndi ongofuna kuonera. Gusheshe idakokedwa n'kuimikidwa pakati.

"Ndisanagwire sipanala," adatero mkuluyo, "mwana awerenge zimene adalemba galimoto isanachoke pano."

Kalaliki adatsegula kope. Adawerenga kuti ndi kamu yatsopano, vavu ikatseguka yonse, masipuling'i a mavavu omira aja ankatsala ndi malo opitirira mamilimita atatu mawaya asanagundane, koma pa nambala 7 pankatsala mamilimita 2.2 okha. Adawerenganso mzere umene bambo ake adamuuza kuti adule kunsi kwake: malo otsala asachepere milimita imodzi ndi theka.

Adatsegula chivundikiro cha pamwamba pa injini. Pa nambala 7 sipuling'i yakunja idali itaduka patatu, roka itathyoka, kachipewa katagwera pambali. Atachotsa hedi adapeza vavu itagwera mu silinda, yopindika, pisitoni itabooka pakati. Mavavu enawo adali m'malo mwawo. Mu oyilo munkanyezimira tizitsulo, popeza washa wamba ndi chitsulo chofewa, sipuling'i imachitafuna, pamene shimu yeniyeni ndi yowotcha kuti ilimbe.

Kudakhala chete pang'ono. Ndiye mayi wina kumbuyo adati, "Mwaonatu! Adadziwiratu ndi nambala yomwe. Akadadziwa bwanji akadapanda kuchita iwowo?" Ndipo ena adavomereza ndi mitu, chifukwa munthu akafuna kukhulupirira ufiti, umboni wotsutsa umasanduka umboni wovomereza.

Che Sikelo adaseka koyamba chiyambire mlanduwo. Adaitana mphwake.

"Bwera kuno. Manja anga akuti ngokhwima, ndiye ugwire wekha. Tenga sipuling'i iliyonse imene ukufuna pa hediyo. Ika mu vayisi."

Gusheshe adasankha, adaika. Kalaliki adamupatsa veniya n'kumusonyeza powerenga. Adamuuza kuti amange vayisi mpaka pa muyeso wa nambala 7 vavu itatseguka yonse. Adamanga. Pakati pa mawaya pankaoneka kuwala.

"Tsopano masula, ulowetse washa ya ku Balaka, umangenso kufika pa muyeso womwewo."

Adatero. Chogwirira cha vayisi chidayamba kulimba asanafike, adachita kukanikiza ndi thupi. Atafika, kuwala kuja kudalibe. Mkuluyo adatulutsa timalata take toyezera mipata, adasankha ka 0.25, kamene amatchunira maroka a injini imeneyi ikazizira, n'kumupatsa.

"Pezapo polowetsa."

Gusheshe adayesa pamwamba, adayesa pakati, adayesa pansi. Kachitsuloko sikadalowe.

"Mamilimita 2.2 kuchotsapo awiri," adatero Che Sikelo, akuyang'ana kwa mayi uja. "Poyenda pang'onopang'ono kampata kotsalako kankakwanira, n'chifukwa chake idalira bwino pa Balaka n'kuyenda kuchokera ku Ulongwe. Koma sipuling'i ikamathamanga imanjenjemera, mawaya amavina, ndiye amamenyana ka 50 pa sekondi. Zili ngati kukweza mipando yonse ya minibasi mofanana: aafupi akondwa kuti akuona kunja, wamtali mutu uli kudenga, pa bampu yoyamba khosi lapita. Mawasha aja adathandizadi mavavu atatu omira aja. Nambala 7 ndiyo idali yaitali."

Mmodzi wa madalaivala amene adachotsa galimoto zawo adapempha kuti naye ayese. Adamanga vayisi, adalephera kulowetsa kachitsulo kaja, adamasula, adachotsa washa, kachitsuloko n'kulowa mpaka kugwedera. Adabwereza kawiri ngati mwana wopeza choseweretsa. Kenako adapatsira mnzake. Mayi uja adati iye za zitsulo sazidziwa, n'kunyamuka kuti akaone mphika.

Mwini mbumba adafunsa Gusheshe ngati ali ndi mawu. Mnyamatayo adagwada pafumbi la oyilo, suti adali atabweza kale kwa eni ake, n'kunena kuti, "Anjomba, ndinalakwa. Pepala lija sindinapereke n'komwe."

"Dzuka, udetsa mawondo. Kupepesa kwenikweni ukapepese ku Ulongwe. Kuno ubwere mawa 6 koloko, Kalaliki akuphunzitse kuwerenga veniya, chifukwa ine sindiyezanso ndekha zimene ndidayeza kale."

Ntchito idatenga miyezi iwiri. Pisitoni, maroka, masipuling'i atsopano ndi mashimu zidabwera pa basi ya ku Joni, ndalama yake Gusheshe atagulitsa foni yake yaikulu ndi wailesi ya m'galimoto. Mpata uliwonse adayeza yekha, msuweni wake akumubweza akawerenga molakwa, ndipo ankamubweza mokweza kuti a pamsewu amve. Vavu ina idalandira shimu ya milimita imodzi, ina ya theka, zingapo sizidalandire kanthu. Asanamange hedi komaliza, mkuluyo adamutuma kukatapa dongo m'mbali mwa Shire, adamata pamwamba pa pisitoni, adamanga hedi, adazunguza injini ndi dzanja kawiri, n'kumasulanso kuti ayeze kukhuthala kwa dongo pamene mavavu adadinda. Gusheshe adatsegula pakamwa kuti adandaule za kumanga ndi kumasula, adayang'ana vayisi, n'kutseka.

A Pompopompo sadasowe makasitomala. Mpaka lero amati akamafotokoza nkhaniyi amanena kuti zitsulo za masiku ano n'zachabechabe.

Mvula yoyamba itagwa, gusheshe idalira. Singano idakwera mpaka pa 6,000 n'kutsika bwinobwino, kangapo konse. Gusheshe adanyamula mkazi wake, thumba la mpunga ndi nkhuku ziwiri kupita ku Ulongwe, ndipo azakhali aja adavomera kukwera kutsogolo mpaka pamsika n'kubwerera, ngakhale adati mpando wake ndi wotsika kwambiri kwa munthu wa msinkhu wawo.

Atabwerako adakafunsa malume ake mtengo wa ntchito. Che Sikelo adati za iye zatha, mwana wa mlongo salipira. Kalaliki ndiye adatsegula kope ku tsamba lomaliza.

"Asuweni, sikelo tinabwereka kawiri. Koyamba mwini wake anatikomera mtima. Kachiwirika akuti mumunyamulire matumba a nandolo kuchokera ku Nsanama, maulendo atatu."

"Pa gusheshe?"

"Akuti buti yake waiona, ndi yaikulu."